Tsiku Limene Ndinasocheretsa Timu ya Alamu

Munthu ukayenda maiko ambiri umabwerera kwanu ndi matenda amodzi, oganiza kuti onse amene anatsala pamudzi ankangogona tulo kudikira iwe. Ine matendawa anandigwira kwambiri chaka chimene ndinabwerera kwa Tengani, masiku aja a chipani chimodzi, pamene khadi la chipani tinkalisamala kuposa kalata ya ubatizo. Ndinali nditatha zaka pafupifupi makumi awiri ndikungoyendayenda ngati mbuzi yodula chingwe. Ndinasenzapo matumba padoko ku Beira, ndinaphikirapo mzungu ku Halale, ndinathyolapo tiyi ku Thyolo mpaka mvula ya kumeneko inanditopetsa. Sukulu ndinalekezera panjira, zotsalazo ndinaziphunzira m'manyuzipepala okulungira nyama ndi pa wailesi za eni ake, ndiye mutu unali wodzaza ndi nzeru zosowa pozitula.

Ndinafikira kwa mlongo wanga Estere. Iye anakwatiwa ndi mphunzitsi, a Chimpeni, munthu wa ku Ntcheu, wofatsa zedi, amene anali atangosamutsidwa kumene kuchoka ku Chikwawa kubwera kusukulu ya Nyakaphale, pafupi ndi njanji. Chisena sankachimva, njira za kwathu sankazidziwa, koma mpira wokha ankaudziwa. M'miyezi yochepa anasula timu imene anthu ankasiya kutola thonje kuti akaionere. Anali anyamata a Sitandade 8, ena obwereza kawiri katatu, ndevu zitayamba kale kumera, ndipo kapiteni wawo Zuze akati amenye mpira, goloboyi wa timu ina ankayamba wayang'ana kothawira.

M'dera lathu munali sukulu khumi ndi ziwiri, ndipo timu yopambana zonsezo inkakwera sitima kupita ku boma ku Nsanje kukalimbirana chikho. Nyakaphale chimangidwire inali isanapiteko. Sitimayo inkadutsa m'mphepete mwa minda yawo, anyamatawo anakula akuibayibitsa, koma ambiri mwa iwo anali asanaikwerepo n'kamodzi komwe. Imeneyo inali teremu yawo yotsiriza, akalemba mayeso basi aliyense njira yake, wina kukadula nzimbe, wina kukaponya ukonde. Alamu anawalonjeza kuti chaka chimenecho sitima ija aikwera, ndipo munthu wofatsa akalonjeza amakhala kuti waikapo mtima wonse.

Chimene chinkawadetsa nkhawa n'chakuti sukulu zija zinagawidwa kalekale m'magulu awiri, la kunjanji ndi la kumapiri, ndipo m'gulu la kunjanji munali sukulu yaikulu ya mishoni imene chaka ndi chaka inkatulutsa Nyakaphale masewera oyamba omwe. Tsiku lina madzulo alamu anali kuyang'ana pepala la magulu awo pakhonde, akupuma ngati munthu wokwera phiri. Ine ndinalitenga pepalalo osapatsidwa. Nditangoliona ndinaseka. M'gulu la kumapiri munali Msambangoma. Msambangoma ine ndinkaidziwa ngati chikhatho changa, mudzi wa m'mphepete mwenimweni mwa Shire, kumene tinkakawedza makakana tili ana, kumene kunali mango onona ndi kasukulu ka udzu pafupi ndi mlambe. Mudzi wa m'bango ukufuna chiyani m'gulu la kumapiri? Ndinawauza alamu kuti amene anagawa matimuwa anagawa ataledzera, ndipo ine, amene ndinaonerapo mpira weniweni ku Halale, ndiwakonzera.

Estere anali pomwepo akupeta mapira, mwina mapazi asanu kuchokera pamene ndinakhala. Ndikanangotembenuza khosi n'kumufunsa funso limodzi, nkhani ino bwenzi kulibe. Koma mwamuna wobwera kunja angafunse mlongo wake za mpira?

M'mawa mwake ndinapita kwa mlangizi wa thonje n'kubwereka mapu amene anali kuseri kwa kabati mu ofesi yake, mapu a nthawi ya azungu, m'mbali mwake chiswe chitadyako kale. Ndinawayala pamphasa, ndinatenga kapu ya tiyi ya Estere, n'kuivundikira pa mapupo, n'kuzunguliza ndi pensulo. Sukulu zitatu zolowa m'kapu imodzi, gulu limodzi. Makapu anayi, magulu anayi. Wopambana m'gulu lililonse apite m'ndime ya matimu anayi, kenako fainolo, kenako sitima. Ndivomere pano kuti pofika pa Nyakaphale kapu ija ndinaisuntha pang'ono kuti sukulu ya mishoni igwere kunja, ndipo m'malo mwake munalowa Msambangoma ndi kasukulu kena ka ana ang'onoang'ono. Ndinawonjezeranso lamulo langalanga, loti timu imene sinafike pabwalo nthawi ikamakwana 2 koloko yagonja ndipo yatuluka, popanda kudandaula. Lamuloli ndinatchera a mishoni, chifukwa ankakonda kufika mochedwa pa lole yawo, anzawo atapsa kale ndi dzuwa.

Zikanathera pamenepo bwenzi aphunzitsi atangoseka n'kulitaya pepalalo. Koma ine ndinafuna kukometsera. Magulu anayi aja ndinawapatsa maina a ngodya zinayi zimene mwana aliyense ankaloweza masiku amenewo: Umodzi, Kukhulupirika, Kumvera ndi Kusunga Mwambo. Ndinawalemba pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu, n'kudula mzere kunsi kwake ndi rula ya alamu.

Tsiku la msonkhano wa aphunzitsi a masewera ndinavala jekete yanga ya ku Halale ndi nsapato zachikopa, kunja kukutentha moti abuluzi anali pamthunzi. Sindinali mphunzitsi, sindinali wa komiti, koma alamu anandidziwitsa kuti ndine mbale wawo amene waona zambiri, ndipo palibe anandithamangitsa. Monga mwa masiku onse, a tcheyamani a chipani a dera lathu analipo, atakhala pampando wa kutsogolo, chifukwa nthawi imeneyo ngakhale msonkhano wokambirana za choko sunkachitika iwo palibe. Ndinapachika mapu anga pabolodi, ndinalankhula za chilungamo, za kufupikitsa maulendo a ana, za m'mene amachitira anzathu kunja. Nditawerenga maina a magulu, a tcheyamani anaimirira n'kuomba m'manja, nati chimenechi ndiye chitukuko, nati ana adzaphunzira mwambo akusewera mpira. Anasainira pansi pa pepala langa pomwepo, nanena kuti lina lofanana nalo alitumiza ku boma kuti akaone kuti kwa Tengani anthu akuganiza.

Chipinda chonse chinaomba m'manja. Munthu mmodzi yekha, a Nsingano, ahedi a ku Msambangoma, mkulu wa imvi wovala magalasi omanga ndi ulusi, anapita pabolodi n'kuyang'anitsitsa mapu aja nthawi yaitali. Anatsokomola, anayang'ana a tcheyamani, anayang'ananso zilembo zanga zikuluzikulu zija, kenako anangofunsa mwaulemu.

"Mapuwa ndi okongola, bambo Semba. Ndi a chaka chiti?"

"Nthaka siikalamba, aphunzitsi," ndinatero ine, ndipo anthu anaseka, ine n'kumva kukoma.

A Nsingano anabwerera pampando wawo. Pepala lokhala ndi ngodya zinayi pamwamba ndi siginecha ya a tcheyamani pansi, ndani akanalifufuta ngakhale chilembo chimodzi? Pambuyo pake ndinamva kuti theka la anthu a m'chipindamo linaona cholakwikacho, koma aliyense anali ndi ana oti alere.

Masewera oyamba tinasewera kwathu ndi kasukulu ka ana ang'onoang'ono kaja, tinakachinya zigoli zisanu, ine n'kumayenda m'mbali mwa bwalo manja kumbuyo ngati mwini sitolo. Msambangoma nayo inakagonjetsa kasukuluko sabata yotsatira. Ndiye zinatsala kuti Nyakaphale ipite ku Msambangoma Loweruka, wopambana apitirire. Alamu anati afunse kwa makolo za njira, ine ndinawaletsa. Ndinati kufunsa njira ya ku Msambangoma ine ndilipo n'kunditukwana, ndi mtunda waufupi, tikanyamuka dzuwa litakwera pang'ono tikafika n'kupumula, mwinanso kudya mango. Mwezi wa Juni, mango! Apo pokha munthu wanzeru akanandikayikira.

Loweruka tinanyamuka, anyamata khumi ndi asanu, alamu atanyamula mpira m'kathumba, ine kutsogolo ndi jekete. Titadutsa njanji n'kulunjika kum'mawa, kumtsinje, ndinamva anyamata akunong'onezana kumbuyo. Zuze anathamanga pang'ono kundipeza, anavula chipewa, nandifunsa ngati bwalo analisintha. Ine ndinamuyankha kuti zonse zasintha chaka chino, amene anakonza ndondomeko ndine, iye asunge mphamvu za m'bwalo. Mnyamata woleredwa bwino uja anabwerera pamzere n'kuuza anzake kuti mwina masewera awaika pabwalo lina la kumadimba, poti zinthu zonse ndi zatsopano. Onsewo ankadziwa kumene sukulu ya Msambangoma inali. Anangomvera.

Njira imene ndinkaikumbukira inali yotakata, yodutsa ngolo. Imene tinaipeza inali kanjira ka ng'ombe, kenako ka mbuzi, kenako kanalowa m'bango n'kutha. Ndinati ndi chidule. Tinalowa m'bangomo, masamba ake akutichekacheka m'manja, udzudzu ukutilandira masana dzuwa likuswa mtengo. Matope anayamba m'kakolo, anafika m'mawondo, kenako tinapeza madzi pamalo pamene ine ndinkakumbukira munda wa chimanga wa amalume anga. Alamu anandifunsa mofatsa ngati tidakali m'Malawi, poti anamva kuti tsidya lina la Shire ndi kwa Apwitikizi ndipo kuli asilikali. Ndinawaseka, koma mumtima ndinali nditayamba kuwerenga mitengo, ndipo palibe ndi umodzi womwe unkandidziwa.

Kuti buluku langa lisanyowe ndinalivula n'kulimanga kumutu ngati duku, jekete ili pathupi, kabudula wamkati ali pamtunda, anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi akuyang'ana kumbali mwaulemu. Pakati pa madziwo nsapato yanga yakumanzere inamira m'thope. Ndinaifufuza ndi phazi, ndinaifufuza ndi dzanja mpaka chibwano chinakhudza madzi, osaipeza. Nsapato imene inayenda m'misewu ya phula ya ku Halale ili pomwepo mpaka lero, ngati milamba sinaigawane.

Dzuwa lili pamutu tinatulukira pa kamtunda, ndipo ndinauona mlambe uja. Mtima unagunda ngati ndaona mayi anga. Ndinakuwa kuti tafika, anyamata n'kuyamba kudumphadumpha kuwongola miyendo. Koma kuseri kwa mlambewo kunalibe sukulu, kunalibe tchalitchi, kunalibe nyumba, kunali mizere ya mbatata yokhayokha pamalo pamene panali bwalo, ndi kachisakasa kamodzi, ndi mayi wina wa msinkhu wanga akuyanika nsomba pathandala.

Ndinamupatsa moni m'Chisena n'kumufunsa kumene sukulu ili. Anandiyang'ana kuyambira pa buluku la kumutu mpaka pa phazi lopanda nsapato.

"Sukulu nkhabe pano. Yaenda na madzi kale na kale."

Anafotokoza kuti chaka cha madzi aakulu mudzi wonse unasamukira kumtunda, m'munsi mwa mapiri, n'kunyamula zonse, mbuzi, mabenchi, belu la sukulu ndi dzina lomwe. Kuno anthu amangobwera chilimwe kudzalima dimba ndi kuwedza. Anati mwana amene anabadwa chaka chimenecho tsopano akusenza yekha mtsuko.

"Akuti bwanji, alamu?" anafunsa a Chimpeni.

Ndinawauza kuti mayiyo akuti sukulu anaisuntha pang'ono. Zuze anayang'ana pansi n'kuwamasulira aphunzitsi ake zonse, liwu ndi liwu, ndipo anawonjezera kuti kuchokera pamene tinaimapo mpaka ku Msambangoma wa kumtunda ndi ulendo wa maola anayi kwa munthu woyenda bwino. Alamu anayang'ana wotchi yawo. Ndikanakonda akananditukwana.

Apo mayi uja anali akundiyang'anabe, mutu ataupendeketsa. Kenako anaomba m'manja kamodzi n'kusiya Chisena, kuyankhula Chimang'anja choti aliyense amve.

"Iwe si Semba wa a Dinyero? Ndine Malita. Unandiuza pansi pa mlambe womwewu kuti ukupita ku Beira kukandigulira nsalu, ubwera mwezi wamawa. Nsalu ija ndi imene wamanga kumutuyo?"

Anyamata aja anayesetsa, Mulungu awadalitse, koma goloboyi analephera kudzigwira, anagwa m'mizere ya mbatata ndi phwete.

Malita yemweyo ndi amene anatilozera njira youma, imene inali chapafupi pomwepo, yoti tikanadzera sitikananyowa n'chala chomwe. Alamu anauza anyamata kuti athamange, ndipo anathamangadi, opanda kanthu m'mimba, mapazi atachekeka ndi bango, aphunzitsi awo ali pambuyo ndi kathumba ka mpira. Ine ndinayesa kuwatsatira ndi nsapato imodzi, ndinaivula, minga inandilasa, ndinaivalanso, mpaka bambo wina wa ngolo yonyamula thonje anandimvera chisoni n'kundikweza pamwamba pa mabelo. Thope la m'thupi linali lisanaume, ndiye thonje linandimatirira paliponse. Ndinalowa mu Msambangoma wa kumtunda ngati nkhuku yosasosoka bwino, dzuwa litapendeka kale, anthu odzaza bwalo akutembenuka kundiyang'ana.

Anyamata anali atafika kale, nthawi itadutsa ndi ola limodzi ndi theka, atakhala pansi pa mtengo wa bwemba akumwa madzi. A Nsingano, amene timu yawo ikanapindula, ndi amene ankachonderera kuti masewera achitike. Ankati ana awo akufuna kupambana ndi miyendo, dzuwa lidakalipo, alendo avutika, tingosewera. Anthu a m'mudzimo ankavomereza. Koma a tcheyamani analipo, atagwira pepala langa. Sanali munthu wankhanza, musawaganizire zoipa, nawonso thukuta linali kuwatsika. Ankati siginecha yawo ili papepalapo, linzake lili ku boma, ndipo iwo sangakhale munthu woyamba kuphwanya lamulo lolembedwa pansi pa mawu amenewo. Ndiye anagamula kuti adikire mwini malamulo adzanene yekha.

Mwini malamulo ndi uyo akutsika pa ngolo.

Anandipatsa pepalalo kuti ndiwerenge mokweza lamulo la nthawi. Ndinaliwerenga, m'zilembo zanga zomwe, ndi mawu aja oti popanda kudandaula amene ndinawadula mzere kawiri. Ndinayesa kunena kuti polemba ndinkaganiza za anthu obwera pa lole, koma ndinazindikira kuti ndikuulula zina, ndinatseka pakamwa.

"Tsono bambo Semba," anatero a tcheyamani, "inu amene munalemba, tiuzeni. Yapambana ndi timu iti?"

Ndinayang'ana alamu, ndinayang'ana Zuze, ndinayang'ana phazi langa.

"Msambangoma," ndinatero, ndi mawu ngati a mwanapiye.

A Nsingano anapempha kuti ana asewereko basi masewera a chibale, poti anthu asonkhana kale, ndipo zimenezo a tcheyamani analola. Anasewera kanthawi kochepa dzuwa lisanalowe. Anyamata athu, otopa choncho, anjala choncho, anachinya zigoli zitatu kwa duu, ziwiri za Zuze. Anthu a ku Msambangoma ndi amene ankawaombera m'manja. Athu akachinya ankangobwerera pakati mwakachetechete, ngati anthu obwera kumanda. Pa zonse za tsiku limenelo, zigoli zitatu zimenezo ndi zimene zimandipweteka mpaka pano, chifukwa akanagonja bwenzi ndikudzitonthoza kuti sitima sinali yawo.

Tinagona m'kalasi, m'mawa mwake tinabwerera kwathu pamsewu wa ngolo woongoka bwino, maola awiri okha. Alamu njira yonse sanandidzudzule, anangondibwereka patapata wawo. Estere ndi amene anandimaliza. Atamva nkhani yonse anaika mtsuko pansi n'kunena kuti, "Achimwene, mukanandifunsa. Mabenchi a sukulu imeneyo ndinasenza nawo ine pamutu panga, inu muli ku Beira."

Msambangoma inagwera mwayi wina m'ndime zotsatira, a mishoni atachedwa ndi lole yawo n'kugwa mu msampha womwe uja, ndiye inakwera sitima. Tsiku limenelo anyamata athu anali m'munda wa sukulu akutola thonje, pafupi ndi njanji. Sitima inadutsa pang'onopang'ono monga inkachitira, ana a ku Msambangoma atatulutsa mitu m'mawindo, akuimba, akubayibitsa. Ena mwa athu anabayibitsa nawo mwa chizolowezi. Zuze sanadzutse mutu, anapitiriza kutola. Ine ndinaonera zimenezi nditabisala kuseri kwa nkhokwe, ndipo mwezi usanathe ndinamanga kachikwama kanga n'kuuyambanso ulendo, ulendo wokhawo m'moyo wanga umene ndinanyamuka ndikudziwa chimene ndikuthawa. Ndinamva kuti chaka chotsatira aphunzitsi anabwerera ku magulu awo akale mwakachetechete, osauza munthu, ndipo a tcheyamani sanafunse.

Patapita zaka ndinapezeka ku Nchalo ndikufuna ntchito ya ulonda. Minda ya nzimbe ija njira zake zimafanana zonse, ndiye ndinaimitsa bambo wina wa thalakitala, wamapewa otambalala, n'kumufunsa kolowera ku ofesi yolemba anthu ntchito. Anazimitsa injini, anatsika, anavula chipewa, anandilongosolera bwinobwino, apa mukhote, apa muwoloke ngalande, apa mufunse kapitawo. Ndinathokoza n'kutembenuka. Ndili pafupi kuchoka ndinamva akundiitana ndi dzina.

"Amalume a Semba, mwayamba liti kufunsa njira?"

Anali Zuze. Anaseka, inenso ndinaseka, anandifunsa za aphunzitsi ake ndi za Estere, anandikweza pa thalakitala mpaka pakhomo pa ofesi, akuti kuopa kuti ndingakathere kwa Apwitikizi. Za sitima sindinamufunse, mphamvu zake ndinalibe.

Ndiye anzanga, mukadzandipeza ndikugawa matimu, ngakhale a ana osewera mpira wachikulunga pamsewu, mundimange pamtengo mpaka maganizowo andichoke. Ndipo njira masiku ano ndimafunsa, ndimafunsanso amayi makamaka, ngakhale yopita kuchimbudzi cha nyumba imene ndinagonamo dzulo.